Abale Atatu a Hayidirojeni: Mafunso ndi Mayankho pa Cheza cha Nyukiliya, Madzi Apansi ndi Mapuloteni

Lolemba m'mawa pa 28 Epulo 1986, alamu inalira pa fakitale yamagetsi a nyukiliya ya Forsmark ku Sweden. Wogwira ntchito wina ankangodutsa pa makina oyezera cheza monga mwa masiku onse, koma makinawo anamukana. Atamuyeza bwinobwino, anapeza kuti vuto linali pa nsapato zake. Akuluakulu anasakasaka fakitale yonse kufuna pamene pakuchucha, osapeza kanthu. Fumbi limene linakakamira ku nsapatozo linali lapanja. Mphepo inalinyamula mtunda wa makilomita oposa 1,000 kuchokera ku Chernobyl, kumene ng'anjo ya nyukiliya inali itaphulika masiku awiri m'mbuyomo, boma la Soviet Union lili duu. Madzulo a tsiku lomwelo, Moscow inavomera kuti kwachitikadi ngozi.

Chimene chinaulula chinsinsicho ndi khalidwe la maatomu ena amene satha kukhala chete. Akatswiri a sayansi anaphunzira kuwatchera khutu, ndipo lero luso lomwelo limawauza zaka za madzi a pamjigo, kuchuluka kwa dothi limene lakokoloka m'munda, ngakhalenso maonekedwe a tinthu tam'thupi tosaoneka ndi maso.

Kodi cheza cha nyukiliya n'chiyani kwenikweni?

Chinthu chilichonse chinapangidwa ndi maatomu, ndipo atomu iliyonse ili ndi chithima pakati pake. Maatomu ambiri ndi okhazikika: mmene alili leromu ndi mmene adzakhalire mpaka kalekale. Koma ena chithima chawo n'chosakhazikika. Tsiku lina chimalavula kachidutswa kapena mphamvu, atomuyo n'kusanduka ya mtundu wina. Zolavulidwazo ndizo cheza cha nyukiliya. Henri Becquerel wa ku France ndiye anachitulukira mu 1896 pamene mchere wa yureniyamu unadetsa mbale yojambulira zithunzi imene inali yokutidwa, ndipo Marie ndi Pierre Curie anapeza polonium ndi radium mu 1898.

Palibe angalosere tsiku limene atomu imodzi idzasanduke. Koma akakhala ochuluka, amatha motsatira lamulo losasintha. Zili ngati nkhokwe imene theka la chimanga chake limatha pakapita nyengo yakutiyakuti, kenako theka la chotsalacho, kenakonso theka la chotsala, osafulumira, osachedwa. Mpweya wa radon-222 umatha theka pa masiku 3.8. Caesium-137 amatenga zaka pafupifupi 30, carbon-14 zaka 5,730, plutonium-239 zaka 24,100. Kutentha, kuzizira kapena chinyezi sizisintha liwiro limeneli. N'chifukwa chake maatomuwa amagwira ntchito ngati wotchi.

Ndiye kuti munthu amene sanayandikirepo bomba kapena fakitale ya nyukiliya nayenso amalandira cheza?

Tsiku lililonse. Miyala ndi dothi zili ndi yureniyamu ndi thorium pang'ono chilengedwere dziko. Kuchokera kuthambo kumagwa cheza china usana ndi usiku. Nthochi, nyemba ndi mbatata zili ndi potaziyamu, ndipo kagawo kochepa ka potaziyamuyo ndi kosakhazikika. M'thupi la munthu wamkulu wolemera makilogalamu 70, maatomu a potassium-40 pafupifupi 4,000 amasanduka pa sekondi iliyonse, iye ali m'tulo kapena ali kumunda.

Komiti ya United Nations yoona za cheza, UNSCEAR, inanena mu 2008 kuti munthu amalandira cheza cha mamilisiveti pafupifupi 2.4 pachaka kuchokera ku chilengedwe, tikatengera dziko lonse. Theka lake limachokera ku radon, mpweya wopanda fungo kapena mtundu umene umatuluka m'nthaka n'kuunjikana m'nyumba zosapita mphepo ndi m'migodi. Bungwe la WHO limaika radon pa nambala yachiwiri pa zinthu zoyambitsa khansa ya m'mapapo, pambuyo pa fodya. Malo ena, monga Ramsar ku Iran, magombe a Kerala ku India ndi Guarapari ku Brazil, ali ndi cheza chachilengedwe chochuluka kwambiri kuposa kwina konse.

Choncho funso la akatswiri silikhala lakuti cheza chilipo kapena ayi. Amafunsa kuti n'chochuluka bwanji, chachokera kuti, ndipo chikulowera kuti.

Nanga abale atatu a hayidirojeni ndi ati?

Madzi ndi hayidirojeni wophatikana ndi okosijeni. Koma hayidirojeniyo ali ndi mitundu itatu, ana a mimba imodzi osiyana kulemera. Woyamba ndi hayidirojeni wamba, wopepuka, amene ali ponseponse. Wachiwiri ndi deuterium, wolemera kuwirikiza kawiri koma wokhazikika. Harold Urey wa ku America anamutulukira mu 1931, ndipo m'madzi a m'nyanja yamchere amapezeka mmodzi pa maatomu a hayidirojeni pafupifupi 6,400. Madzi opangidwa ndi deuterium yekhayekha amatchedwa madzi olemera, ndipo dzinali si lokokomeza: ayezi wake amamira m'kapu ya madzi wamba m'malo moyandama.

Wachitatu ndi tritium, wolemera katatu, ndipo ndiye wosakhazikika pabanjapo. Amatha theka pa zaka 12.3. Anapangidwa koyamba mu labotale ku Cambridge mu 1934 ndi Ernest Rutherford, Paul Harteck ndi Mark Oliphant, mbadwa ya ku Adelaide ku Australia. Chilengedwe nachonso chimamupanga pang'ono mumlengalenga, mvula n'kumugwetsa pansi.

Atatuwa amachita zinthu mofanana pafupifupi m'zonse. Onse amapanga madzi, onse amalowa m'mbewu ndi m'magazi. Kusiyana kwawo n'kochepa, koma makina amakuona. Pa kusiyana kochepako m'pamene pagona nkhani ya madzi apansi ndi ya mapuloteni.

Kafukufuku wotere amachitikira kuti?

Amodzi mwa malo amene ntchito zitatuzi, za cheza, madzi apansi ndi mapuloteni, zimachitikira pabwalo limodzi ndi Lucas Heights, kummwera kwa mzinda wa Sydney, likulu la bungwe la boma la Australia lotchedwa ANSTO. Dziko la Australia lilibe fakitale yamagetsi a nyukiliya ngakhale imodzi, koma lili ndi ng'anjo yofufuzira yotchedwa OPAL, yamphamvu ya mamegawati 20, imene kampani ya INVAP ya ku Argentina inamanga ndipo inatsegulidwa mu 2007. Inalowa m'malo mwa ina yakale, HIFAR, imene inagwira ntchito kuyambira 1958.

Mtima wa OPAL ndi wocheperapo kuposa mmene ambiri angaganizire, ngati kafiriji kakang'ono, ndipo uli pansi pa dziwe la madzi lakuya mamita pafupifupi 13. Mozungulira muli thanki ya madzi olemera aja. Ntchito yake si kupanga magetsi ayi, koma kutulutsa tizidutswa totchedwa ma neutron. Ena amapangira mankhwala ounikira matenda m'zipatala, ena amawatsogolera m'mipope mpaka kuholo yaikulu yodzaza ndi makina. Makinawo anawapatsa mayina a nyama za kumeneko: Wombat, Echidna, Platypus, Kookaburra, Dingo, Quokka.

Pabwalo lomwelo pali makina othamangitsa maatomu amene amatha kuwerenga maatomu osowa mmodzimmodzi. Ku Melbourne, bungweli limayendetsanso synchrotron, chimphete chozungulira mamita 216 chimene chimatulutsa kuwala kwa X-ray kwamphamvu zedi.

Akatswiri oyeza chilengedwe amafufuza chiyani?

Amatsata mapazi a maatomu amene munthu anamwaza. Pakati pa 1956 ndi 1957, dziko la Britain linaphulitsa mabomba asanu ndi awiri ku Maralinga, m'chipululu cha South Australia, pa malo a makolo a Aaborijini. Zoyesa zina zing'onozing'ono zinapitirira mpaka 1963, ndipo ndizo zinamwaza plutonium wambiri. Ntchito yaikulu yoyeretsa malowo inatha mu 2000, koma akatswiri akuunikabe timibulu ta fumbi lakumeneko kuti aone ngati tikuphwanyika ndi kulowa m'dothi, m'madzi ndi m'nyama.

Zimene amapeza nthawi zina zimadabwitsa. Mvula itagwetsa caesium wa ku Chernobyl pa mapiri a ku Wales, boma linaika malamulo pa kagulitsidwe ka nkhosa poganiza kuti ndi nkhani ya kanthawi kochepa. Malamulowo anachotsedwa mu 2012, patatha zaka 26. Chinachitika n'chakuti dothi la kumapiriko ndi la zomera zowolerana, losagwira caesium mmene dongo limachitira, ndiye udzu unkangomuyamwa chaka ndi chaka. Ku Bavaria, m'dziko la Germany, nguluwe zikupezekabe ndi caesium wambiri chifukwa zimafukula bowa wina womera pansi pa nthaka. Kafukufuku wa 2023 anasonyeza kuti gawo lalikulu ndithu la caesium ameneyu si la ku Chernobyl, koma la mabomba oyesedwa m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960.

Ku Fukushima nkhani inafika pa tritium. Ngozi ya pa 11 Malichi 2011 itachitika, madzi oziziritsira ng'anjo zowonongekazo anadzaza mathanki oposa 1,000. Makina osefera amachotsa caesium, strontium ndi zina zambiri, koma tritium amawakanika, chifukwa iye si chitsotso choyandama m'madzi: ndi mbali ya madziwo. Kuyambira pa 24 Ogasiti 2023, Japan inayamba kuthira madziwo m'nyanja atawasungunula mpaka cheza cha tritium chitatsika pansi pa mabekerelo 1,500 pa lita, pamene malire a WHO a madzi akumwa ndi 10,000. Asodzi a m'deralo anadandaula, China inaletsa nsomba za ku Japan, ndipo bungwe la IAEA, loona za mphamvu ya atomu padziko lonse, limatenga madzi ndi nsomba kukayezetsa m'malabotale a mayiko osiyanasiyana kuti aliyense asamangodalira mawu a mwini fakitale.

Nkhaniyi ikukhudzanso Malawi. Mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera ku Karonga unayamba kugwira ntchito mu 2009 pansi pa kampani ya ku Australia ya Paladin Energy, n'kuima mu 2014 mitengo itagwa. Lamulo la Malawi loona za mphamvu ya atomu linakhazikitsidwa mu 2011. Pamalo alionse otere, miyala ya m'deralo imakhala kale ndi cheza chake mgodi usanakumbidwe. Choncho muyezo wamtengo wapatali kwambiri ndi woyambirira, wa madzi, dothi ndi mpweya ntchito isanayambe, chifukwa miyezo yonse ya pambuyo imayerekezedwa ndi umenewo.

Kodi zotsalira za mabomba zingakhale ndi ntchito yabwino?

Zachilendo, koma zili nayo. Caesium-137 kunalibe m'chilengedwe mabomba asanabwere. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 anagwa ndi mvula padziko lonse n'kukakamira ku dongo la pamwamba pa nthaka. Kuyambira pamenepo, kumene dothi lapita, iyenso amapita komweko.

Wofufuza amayamba wapeza malo athyathyathya amene khasu silinawakhudzepo, onga nkhalango ya kumanda, n'kuyeza caesium amene ali m'dothi lake. Kenako amayeza m'munda wotsetsereka. Akapeza wochepa, ndiye kuti dothi lapamwamba linapita. Akapeza wochuluka kumunsi kudambo, ndiye kuti n'kumene linakaunjikana. Ulendo umodzi wokatenga dothi umafotokoza kukokoloka kwa zaka makumi angapo, ntchito imene ikanafuna kudikira mvula zambirimbiri.

Radon nayenso anamupezera ntchito. Pa nsonga ya Cape Grim ku Tasmania pali siteshoni yoyeza mpweya wa dziko kuyambira 1976. Popeza radon amatuluka kumtunda osati m'nyanja, ndiponso amatha msanga, mphepo ikabwera ilibe radon akatswiri amadziwa kuti yayenda masiku ambiri pamwamba pa nyanja osakhudza mizinda. Mpweya umenewo ndiwo amaudalira poyeza kukwera kwa kaboni dayokisaidi.

Madzi angakhale bwanji ndi zaka?

Zaka za madzi zimayamba kuwerengedwa tsiku limene dontho la mvula lalowa pansi n'kusiyana ndi mpweya wakunja. Kuchokera pamenepo sililandiranso maatomu atsopano osakhazikika, ndipo amene linalowa nawo amayamba kutha.

Kwa madzi aang'ono, wotchi yake ndi tritium. Mabomba a hayidirojeni anamuchulukitsa mumlengalenga, ndipo mu 1963, chaka chimene mayiko akuluakulu anasainirana pangano losiya kuyesa mabomba mumlengalenga, mvula ya ku Ottawa ndi ku Vienna inali ndi tritium wochuluka kuwirikiza mazanamazana kuposa kale. Madzi a pachitsime akapezeka ndi tritium, ndiye kuti ena mwa iwo analowa pansi m'zaka 60 kapena 70 zapitazi. Akapanda, ndi akale kuposa pamenepo. Kummwera kwa dziko lapansi tritium wa mabomba anafika wochepa kwambiri ndipo pano anatha ndithu, zimene zimapeputsa masamu kwa ofufuza a ku Australia, New Zealand ndi kummwera kwa Africa.

Madzi akulu amawayeza ndi carbon-14, amene amafika zaka pafupifupi 30,000. Akapitirira apo, pamabwera chlorine-36, wotha theka pa zaka 301,000, ndi krypton-81, wotha theka pa zaka 229,000.

Ntchito yeniyeni imayambira pamjigo, ndipo imafuna kudekha. Wofufuza satunga madzi oyamba kutuluka, chifukwa amenewo agona mupaipi. Amapopa n'kumataya, maso ali pa kamakina koyeza kutentha ndi mchere, mpaka manambala atasiya kusinthasintha. Kenako amatsuka botolo ndi madzi omwewo, n'kulidzaza mpaka kusefukira kuti musatsale kathovu ngakhale kamodzi, pakuti mpweya wa lero ukalowamo madzi okalamba amaoneka ngati achinyamata. Amatseka molimba, kumata tepi, kulemba malo, kuya kwa mjigo ndi tsiku. Ku labotale, zimene akufunazo n'zochepa modabwitsa: muyezo umodzi wa tritium ndi atomu imodzi pakati pa maatomu a hayidirojeni mabiliyoni okwana biliyoni. Amayamba achepetsa madziwo ndi magetsi kuti tritium aunjikane, n'kuwasakaniza ndi mankhwala amene amaphethira kuwala atomu ikasanduka, kenako makina amawerenga kuphethirako mumdima kwa maola ambiri.

Kudziwa zaka za madzi kumathandiza chiyani?

Kumasiyanitsa madzi amene mvula imabwezera chaka ndi chaka ndi madzi amene ali chuma chosiyidwa ndi makolo, choti chikatha chatha.

Chitsanzo chachikulu ndi Great Artesian Basin, nkhokwe ya madzi apansi ya masikweya kilomita 1.7 miliyoni, yoposa gawo limodzi mwa magawo asanu a Australia. Aaborijini ankadalira akasupe ake kwa zaka zikwizikwi. Alimi a ziweto atabowola chitsime choyamba mu 1878 pafupi ndi Bourke, madzi anatumphuka okha, ndipo zitsime zambiri zinasiyidwa zikukhuthuka usana ndi usiku kwa zaka makumimakumi. Mphamvu ya madzi inatsika, akasupe ambiri n'kuuma. Chlorine-36 anasonyeza kuti madziwo amalowa pansi kumapiri a kum'mawa n'kumayenda mita imodzi mpaka asanu pachaka, ndipo kumalekezero ena ali ndi zaka zoposa miliyoni. Kuyambira 1999 boma linalimbikitsa ntchito yotseka zitsimezo ndi kuika madzi m'mapaipi.

Kumpoto kwa Africa, pansi pa Egypt, Libya, Sudan ndi Chad, pali nkhokwe ya Nubian Sandstone. Mu 2004 akatswiri anayeza madzi a m'chipululu cha kumadzulo kwa Egypt ndi krypton-81 n'kupeza ena a zaka pafupifupi miliyoni, mvula imene inagwa Sahara ali wobiriwira. Amenewa ndiwo madzi amene Libya imapopa kupita kumizinda ya kugombe. Ku Sahel, mayiko 13 anagwira ntchito ndi IAEA kuyambira 2012 mpaka 2017 kuunika nkhokwe zisanu zodutsa malire a mayiko. Ku Bangladesh, kumene zitsime zosaya zinapezeka ndi poizoni wa arsenic, njira zomwezi zinathandiza kusonyeza kuti madzi akuya, akale, nthawi zambiri alibe poizoniyo.

Madzi aang'ono nawo ali ndi vuto lawo. Mjigo wokhala ndi tritium wambiri umadzazidwa msanga ndi mvula, koma njira imene mvula imadutsa mofulumira ndi yomweyo imene zochokera kuchimbudzi ndi feteleza wakumunda zingadutse.

Nanga angadziwe bwanji kumene madziwo anachokera?

Apa m'pamene deuterium amalowa m'bwalo, limodzi ndi okosijeni wolemera wotchedwa oxygen-18. Awiriwa satulutsa cheza chilichonse. Chinsinsi chawo ndi kulemera basi. Dzuwa likamaphwetsa madzi, opepuka ndiwo amayamba kuuluka, olemera n'kutsalira. Mtambo ukamagwetsa mvula, olemera ndiwo amayamba kugwa. Motero mvula ya kugombe ndi yolemererapo kuposa ya kumtunda, ya m'chigwa kuposa ya pamwamba pa phiri, ndipo madzi a m'nyanja kapena m'damu amene aombedwa ndi dzuwa amakhala ndi chizindikiro chawochawo. Harmon Craig anasonyeza mu 1961 kuti mvula ya padziko lonse imatsata mzere umodzi pa deuterium ndi oxygen-18, ndipo madzi amene aphwera amapatuka pamzerewo.

Ndi chizindikiro chimenechi, wofufuza amatha kunena ngati chitsime chikumwa kumtsinje wapafupi kapena kuphiri lakutali, ngati damu likuchucha, ndiponso nkhalango imene iyenera kutetezedwa kuti kasupe asaphwe.

Mapuloteni akubwera bwanji m'nkhani ya nyukiliya?

Ambiri amadziwa mapuloteni ngati chakudya chomanga thupi: nyemba, usipa, mazira. Koma m'kati mwa thupi, mapuloteni ndi antchito. Ena amanyamula okosijeni m'magazi, ena amagaya chakudya, ena amalimbana ndi matenda. Puloteni iliyonse ndi chingwe cha mikanda ya mitundu 20, ndipo chingwecho chimadzipinda mwanjira yakeyake. Mapindidwewo ndiwo amapatsa puloteni ntchito yake, monga mano a kiyi.

Matenda a sickle cell, ofala kwambiri mu Africa, amaonetsa kufunika kwake. Vernon Ingram anapeza mu 1956 kuti mkanda umodzi wokha ndiwo wasintha pa chingwe cha haemoglobin. Kusintha kumodziko kumachititsa kuti mapuloteniwo azimatirirana okosijeni akachepa, maselo ofiira n'kupindika ngati chikwakwa n'kumatseka timitsempha.

Puloteni ndi yaing'ono moti maikulosikopu wamba sangaione. Njira imene inatsegula khomo ndi yoiumitsa kukhala kristalo, ngati kambulu ka mchere, n'kuiwomba ndi X-ray. Kuwalako kumamwazika n'kusiya timadontho, ndipo masamu amabweza timadonthoto kukhala chithunzi. John Kendrew anaonetsa maonekedwe a myoglobin mu 1958. Max Perutz analimbana ndi haemoglobin zaka 22. Dorothy Hodgkin anayamba insulin ali mtsikana n'kudzamaliza mu 1969, patatha zaka 35. Lero, pa synchrotron, kristalo imodzi imajambulidwa m'masekondi kapena mphindi zochepa. Nkhokwe ya maonekedwe a mapuloteni, Protein Data Bank, inayamba mu 1971 ku Brookhaven ndi mapuloteni asanu ndi awiri, ndipo pano muli zithunzi zoposa 200,000.

Ngati X-ray ikugwira ntchito chonchi, ma neutron ndi a chiyani?

X-ray ili ndi khungu lake. Imaona ma elekitironi ozungulira atomu, ndipo hayidirojeni ali ndi elekitironi imodzi yokha, ndiye nthawi zambiri saoneka. Chonsecho pafupifupi theka la maatomu a puloteni ndi hayidirojeni, ndipo kawirikawiri ndiye amagwira ntchito yeniyeni: kudumpha kuchoka apa kupita apo, kapena kulumikiza mankhwala ku puloteni. Ma neutron amadutsa ma elekitironi n'kukagunda chithima chenichenicho. Amaona hayidirojeni, ndipo deuterium amamuona bwino koposa. Benno Schoenborn ndiye anasonyeza zimenezi pa myoglobin ku Brookhaven mu 1969.

Pali luso lina lokoma kwambiri. Kwa neutron, hayidirojeni wamba ndi deuterium amasiyana ngati usiku ndi usana. Posakaniza madzi wamba ndi madzi olemera, wofufuza amatha kuzimiritsa mbali imene sakuifuna. Munthu atamwaza nyemba zofiira ndi chimanga choyera pa nsalu yofiira, maso amaona chimanga chokha. Akasintha nsalu kukhala yoyera, nyemba ndizo zimatulukira. Chimodzimodzi apa: madzi olemera akafika magawo pafupifupi 42 pa 100, puloteni imazimirira, DNA n'kutsala poyera. Akafika cha m'ma 65 mpaka 70, DNA ndiyo imazimirira.

Nanga zikakhala kuti zogwiranazo ndi mapuloteni awiri? Ku Lucas Heights kuli labotale imene imaweta mabakiteriya m'madzi olemera. Mabakiteriyawo amakula mwaulesi, koma puloteni imene amapanga imakhala yodzaza ndi deuterium. Akaiphatikiza ndi inzake wamba n'kuziika mu Quokka, makina aatali mamita 40, amatha kuona iliyonse payokha zili chigwiranire, zikuyandama m'madzi monga zimakhalira m'thupi, popanda kuziumitsa kukhala kristalo.

Njira ya ma neutron ndi yodula ndiponso yochedwa. Pofuna kuona atomu iliyonse pamafunika kristalo yaikulu kwambiri kuposa ya X-ray, ndipo kujambula kumatenga masiku kapena milungu. N'chifukwa chake zithunzi za ma neutron m'nkhokwe ija ndi mazana ochepa chabe.

Kodi pali mankhwala amene anatuluka m'kafukufuku wotere?

Alipo, ndipo ena ali m'zipatala za kuno. Kachilombo ka HIV kali ndi puloteni yogwira ntchito ngati lumo, yodula chingwe chachitali kukhala tizidutswa timene kachilombo katsopano kamafuna. Maonekedwe ake anadziwika mu 1989, ndipo akatswiri anapanga mankhwala okalowa pakamwa pa lumolo n'kulitseka. Oyamba, saquinavir, anavomerezedwa mu 1995. Ma ARV monga lopinavir ndi atazanavir, amene akhala akuperekedwa kwa anthu amene mankhwala oyamba asiya kuwathandiza, ndi a banja lomweli. Mu 2013, pa ng'anjo ya Institut Laue-Langevin ku Grenoble, ma neutron anaunika lumolo litagwidwa ndi mankhwala a amprenavir, n'kusonyeza kuti malo ena amene ankaoneka ngati agwira molimba pa X-ray anali ofooka. Kwa wopanga mankhwala, pamenepo m'pofunika kukonza.

Mankhwala a chimfine a Relenza, ovomerezedwa mu 1999, anachokera pa chithunzi cha puloteni ya kachilomboko chimene Peter Colman ndi Jose Varghese a ku Melbourne anatulutsa mu 1983. Mu 2020, akatswiri a ku Oak Ridge ku America anagwiritsa ntchito ma neutron kuona pamene hayidirojeni aliyense wakhala pa lumo la kachilombo ka COVID-19.

Makompyuta nawo alowerera. Pulogalamu ya AlphaFold imalosera mapindidwe a puloteni pongoona mndandanda wa mikanda yake, ndipo Demis Hassabis ndi John Jumper analandira nayo mphotho ya Nobel mu 2024. Koma inaphunzira kuchokera ku zithunzi zoyezedwa m'malabotale zija, ndipo funso lakuti hayidirojeni wakhala mbali iti mankhwala akagwira limafunabe muyezo weniweni.

Kodi zonsezi n'za mayiko olemera okha?

Makina akuluakulu ali kumeneko, n'zoona. Africa ilibe synchrotron ngakhale imodzi, ngakhale kuti akatswiri ake akhala akukambirana zomanga yawo kuyambira pa msonkhano wa 2015 ku Grenoble. Mayiko a ku Middle East anasonkherana n'kutsegula yawo, SESAME, ku Jordan mu 2017. South Africa ili ndi ng'anjo yofufuzira ya SAFARI-1 ku Pelindaba, imene yakhala ikugwira ntchito kuyambira 1965. Ofufuza mapuloteni a kumeneko amaika makristalo awo m'chigubu chozizira kwambiri, n'kuchitumiza pandege ku Diamond Light Source ku England, iwo n'kumayendetsa makinawo pa intaneti ali kwawo.

Mbali ya madzi ndiyo yapafupi. Makina oyezera deuterium ndi oxygen-18 masiku ano amagwiritsa ntchito kuwala kwa laser ndipo amakwana patebulo, moti IAEA yathandiza mayiko ambiri osauka kukhala nawo. Koma miyezo ya pamjigo siitanthauza kanthu popanda kudziwa chizindikiro cha mvula ya m'deralo. Kuyambira 1961, IAEA ndi bungwe la zanyengo la WMO akhala akusonkhanitsa mvula ya mwezi ndi mwezi kuchokera m'masiteshoni a m'mayiko ambiri, ndipo malo aakulu a mu Africa akadali ndi masiteshoni ochepa.

Chida cha pasiteshoni yotere ndi fanulo ndi chigubu. Ena amathiramo mafuta pang'ono kuti ayandame pamwamba, madzi asaphwe n'kusintha kulemera. Mwezi ukatha, woyang'anira amalemba mamilimita a mvula imene yagwa, amadzaza kabotolo, amalembapo dzina la malo ndi mwezi, n'kutsuka chigubucho kudikira mvula ya mwezi wotsatira.